Alendo a panjinga akudutsa, a ku Chintheche akungobayibitsa

Mvula ikangokata, mwera n'kuyamba kuwomba, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M5 kuyambira pa Tukombo, pa Kande mpaka pa Chintheche amadziwa kuti nyengo ya alendo a panjinga yakwana. Amabwera mondondozana, atavala zipewa zonga chigoba cha kamba ndi akabudula othina oti agogo akaona amayang'ana kumbali. Patsogolo pamakhala wowatsogolera. Pambuyo, pang'onopang'ono ngati ikuperekeza maliro, pamabwera lole kapena minibasi yonyamula zikwama, madzi, chakudya, matayala, ndi aliyense amene miyendo yamukana.

Nkhani yathu lero ili pa lole imeneyi. Sikuti tikudana nayo ayi. Munthu wa zaka 60 wochokera ku Manchester sangalimbane ndi mapiri a Viphya popanda galimoto yomudikira. Koma ife tikuti momwe maulendowa akuyendera, loleyi yasanduka mpanda woyenda pakati pa mlendo ndi mwini mudzi. Mlendo akudya za mulole, akumwa za mulole, njinga ikawonongeka okonza ndi a mulole omwewo. Anthu a ku Chintheche ntchito yawatsalira imodzi basi: kuima m'mbali mwa msewu n'kumabayibitsa.

Kwa amene simunazionepo, zimayenda chonchi. Kampani, kawirikawiri ya ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa, imalengeza ulendo wa sabata imodzi kapena ziwiri. Munthu amalipiriratu ali kwawo, madola masauzande angapo, ndipo mumtengomo mumakhala zonse: kogona, chakudya, wotsogolera, makaniki, galimoto. Akatera pa bwalo la ndege la Kamuzu amatengedwa kupita kumpoto. Tsiku lililonse amapalasa mtunda woikika, madzulo n'kugona pamalo okonzeratu. Ena amayambira pa Chelinda ku Nyika, kumene dziko linakwera kuposa mamita 2,000 ndipo mbidzi zimadya msipu poyera ngati ng'ombe. Ena amatsika msewu wa Gorodi, uja wa makona 20, kuchokera ku Livingstonia kukafika pa Chitimba. Ena amanyamukira ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, kumene kuli njira ya m'tchire ya masiku angapo yotsetsereka mpaka kunyanja cha ku Chintheche. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndiye kuti wochokera ku Luwawa amatsika mamita oposa 1,000. Amachoka m'chisanu cha mitengo ya paini, n'kudutsa m'miombo, n'kulowa m'minda ya chinangwa, mpaka phazi litaponda mchenga woyera. Chimene akugula ndi chimenecho: mapiri poyamba, nyanja pomaliza. Ndipo pomalizapo ndi pathu.

Ulendo wotchuka kuposa yonse, wa Tour d'Afrique, umene unayamba mu 2003 wochoka ku Cairo kukathera ku Cape Town pa miyezi pafupifupi inayi, wakhala ukudutsa m'dziko muno. Njira yake yodziwika ndi yolowera pa Songwe, kupuma pa Chitimba, kukwera chitunda cha Chiweta, kugona pa Mzuzu, kenako n'kutsata M1 kupita ku Lilongwe. Tikuutchula kuti owerenga aone zinthu ziwiri. Choyamba, dziko lino lili kale pa mapu a anthu okonda njinga. Chachiwiri, kudzera ku Chintheche si lamulo. Wafika pa Mzuzu ali ndi misewu iwiri, ndipo akhoza kutisiya.

Tikudziwa ena mukuseka kale. Munthu n'kulipira ndalama zonsezo kuti akavutike pa chitunda? Ife kuno njinga si tchuthi, ndi khasu. Mnyamata wa makala amatsika nayo phiri atamanga matumba atatu, mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato. Wa kabaza, kapena tinene wa Sacramento monga amatchulira ku Mzuzu, amakwera nayo chitunda atanyamula mayi, mwana ndi thumba la ufa, pofika n'kumakangana nawo za chenji. Mmalawi akangopeza kangachepe, chinthu choyamba kutaya ndi njinga. Ndiye kuona bambo wa imvi zake akutuluka thukuta mwa kufuna kwake pamene galimoto yabwinobwino ikumutsata m'mbuyo, inde, n'zoseketsa. Sekani, koma mukatha kuseka muwerengere.

Mwa alendo onse amene amabwera kudzaona dziko lino, wa panjinga ndi amene akanayenera kupindulira munthu wa kumudzi kuposa wina aliyense. Wa pandege amalumpha mudzi ali m'mitambo. Wa pagalimoto amaudutsa magalasi atatseka, ife n'kutisiyira fumbi. Wa m'zimalole zikuluzikulu zoyendera Africa yense, zimene zakhala zikuima pa Kande kwa zaka zambiri, amatsika pamalo amodzi n'kukhala pomwepo. Koma wa panjinga amayenda liwiro la munthu. Amamva fungo la usipa pathandala, amamva moni, amayankha. Amatopa, amamva ludzu, njala imamupota pakangopita maola awiri. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, amene akulowera cha ku Dwangwa amalimbana ndi mwera pamphumi, ndiye kuima kwake n'kosachita kumupempha. Kunena mwa malonda, uyu ndi kasitomala wofika yekha pakhomo pako, wa njala, ndalama zili m'thumba.

Nanga chimachitika n'chiyani nthawi ya nkhomaliro ikakwana? Lole ija imatsogola n'kukaima pansi pa mtengo wa mango. Amayala tebulo. Buledi, tchizi, jamu, mabisiketi, madzi a m'mabotolo, zonse zogulidwa m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Chapompano mayi wakhala ndi beseni lake la nthochi, wina ali ndi mtedza, wina chinangwa chophika. Alendo adya, ajambula zithunzi, akwera njinga, ulendo. Mthunzi ndi wa mudzi. Chimbudzi chimene alowamo ndi cha sukulu ya mudzi. Nkhope zili pa zithunzizo ndi za ana a mudzi. Koma ndalama ya nkhomaliroyo inalipiridwa ku London miyezi ingapo yapitayo, ndipo kachigawo kake kamene kanafika m'dziko muno kanathera pa kauntala ya sitolo ya m'tauni.

Eni makampani ali ndi yankho lawo, ndipo n'chilungamo kulimva. Amati mlendo mmodzi akatsegula m'mimba tsiku lachitatu, ulendo wonse wasokonekera ndipo mbiri ya kampani yaipa. Pamenepa sitingawatsutse mopepuka. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene boma la Nkhata Bay linavutika naye zedi. Amatinso madalaivala, ophika ndi ena othandiza pa ulendo ambiri ndi Amalawi, kuti malo ogona a m'mbali mwa nyanja amalemba ntchito anthu a m'midzi yoyandikana nawo, komanso kuti pa bilu iliyonse ya malo ogona pamakhala msonkho wa zokopa alendo wa K1 pa K100 iliyonse. Zonsezi n'zoona.

Koma abale, nthochi ili ndi chovala chake. Chinanazi chimodzimodzi. Dzira lowiritsa lili m'chigoba, mbatata yootcha yachoka pamoto, mtedza uli m'makoko. Kolera alowera pati? Ndipo munthu amene wapalasa kuchoka ku Viphya kuti adzaone dziko la Atonga, n'kubwerera kwawo osalawa kondowole wa batala kapena wa chigwada, ameneyo waberedwa ndi kampani yake yomwe. Mayi wophika akhoza kuphunzitsidwa zimene alendowa amafuna: madzi owiritsa, ndowa ya mpopi ndi sopo posamba m'manja, chakudya chobwera chili chotentha, chimbudzi chovundikira. Si sayansi ya ku yunivesite imeneyi, alangizi a zaumoyo amaphunzitsa zomwezi tsiku ndi tsiku m'midzi. Chimene mayiyo akusowa ndi uthenga wofika msanga woti Lachinayi masana kubwera anthu 15, mtengo wa mbale tagwirizana wakuti. Za msonkho uja, umatoleredwa ndi boma lalikulu, osati khonsolo ya Nkhata Bay, ndipo ulendo wake wobwerera kuchoka ku Capital Hill kudzafika pa Kande ndi wautali kuposa wa Cairo mpaka Cape Town.

Chifukwa chimene tikulimbikira nkhaniyi n'chakuti anthu a ku Chintheche analonjezedwapo zazikulu, n'kutsala akupenya. Akuluakulu akukumbuka za fakitale ya mapepala. M'zaka za m'ma 1970 boma linkakonza zomanga fakitaleyo pa Chintheche kuti izigaya mitengo ya ku Chikangawa, nkhalango yobzala ya mahekitala pafupifupi 53,000. Mitengo inabzalidwa, inakula. Fakitale sinamangidwe. Kenako kunabwera chisangalalo cha Lake of Stars, chimene chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004. Kwa masiku atatu pachaka ndalama inkayenda, ogulitsa nsomba, a zosemasema ndi a mabala ankamwetulira. Chisangalalocho chinasamukira kwina, chinabwereranso mu 2016, n'kupitanso. Sitikudandaula ndi eni ake, malonda ndi malonda. Tikungonena kuti zonse ziwirizi zinali zinthu zazikulu zoganizidwa kutali, zimene mwini mudzi analibe nazo mawu. Za njinga n'zazing'ono, sizidzalemeretsa boma lonse, koma zimabwera chaka ndi chaka, zimadutsa pakhomo penipeni, ndipo khonsolo ndi mafumu akhoza kuzigwira ndi manja awo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tiyeni tikambe za wotsogolera, poti pamenepa ndi pamene pakutiwawa kwambiri. Wotsogolera amene amabwera ndi gulu amadziwa mtunda, amadziwa pokhota, amadziwa chochita munthu akagwa. Ntchito yake amaitha. Koma tamufunseni kuti mudzi umene gulu likudutsawu ndi wa yani. Mlendo amapalasa pafupi ndi Chifira osauzidwa kuti kumeneku n'kumene kunabadwira Clements Kadalie mu 1896, munthu amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU, limene linagwedeza South Africa yense polimbirana ufulu wa antchito akuda. Taganizani, gulu la anthu a ku Johannesburg kudutsa kwawo kwa Kadalie maso ali pa tayala lakutsogolo! Dera lomweli ndi kwawo kwa Elliot Kamwana, amene mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu pafupifupi 10,000 mu mpingo wa Watch Tower, atsamunda n'kuchita mantha mpaka kumuchotsa m'dziko. Pa Bandawe ndi pamene mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, inasamukira mu 1881 pothawa malungo a ku Cape Maclear, isanakwere phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Manda a amishoni oyambawo alipo cha ku Makuzi, tchalitchi chakale cha njerwa chilipo. Chintheche yeniyeniyo inakhalapo boma, atsamunda asanasamutsire maofesi ku Nkhata Bay. Ndipo pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumpoto, pa doko la Nkhata Bay, ndi pamene anthu anawomberedwa pa 3 Malichi 1959, tsiku limene dziko lonse limakumbuka chaka chilichonse.

Mlendo amene m'mawa anali pa Livingstonia, patapita masiku atatu n'kufika pa Bandawe, wayenda chobwerera m'mbuyo njira yomwe anayenda a Laws. Ndani akumuuza? Mbiri yonseyi ili m'mitu ya anthu a kuno, aphunzitsi opuma ntchito, akulu a mpingo, anyamata amene anakhoza MSCE n'kusowa kolowera. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa za ntchito zokopa alendo, ili pamtunda woyenda maola awiri osakwana. Chovuta n'chiyani kuti anyamata ndi atsikana a kwa Malanda, kwa Malengamzoma, kwa Fukamapiri ndi kwa Zilakoma aphunzire kutsogolera alendo kwa milungu ingapo, apatsidwe ziphaso, ndipo gulu lililonse likalowa m'dera lino lizitenga mmodzi wa iwo pa mtengo wodziwika? Ku Mulanje zimachitika kale: wokwera phiri amatenga wotsogolera ndi onyamula katundu a komweko, amene ali ndi bungwe lawo ndi mitengo yawo. Palibe mlendo amene anasiya kukwera Sapitwa chifukwa cha zimenezo.

Za makaniki n'chimodzimodzi. Pa Chintheche, pa Kande, pa Sanga, paliponse pali msika mupezapo munthu pansi pa mtengo amene amawongola wilo ndi maso okha, amamata chubu chimene mwini wake anachitaya kale mumtima. Zoona, njinga za alendowa ndi zina. Zili ndi magiya ambirimbiri, mabuleki a mafuta, matayala ena opanda chubu, ndipo sipanala ya nambala 15 ndi nyundo sizikwanira. Koma munthu amene wakonza njinga zaka 20 sangalephere kuphunzira zimenezi pa sabata imodzi. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwira ntchito zotere. Makampani okha akhoza kusiya bokosi limodzi la zipangizo pa Chintheche m'malo moyenda nalo chaka ndi chaka.

Tsono tisangoloza lole, tidziyang'anenso tokha. Pali zimene timachita ife eni dera zimene zimapangitsa wotsogolera kuuza anthu ake kuti pa mudzi uwu musaime. Nthochi ya mtengo wodziwika, pakangofika khungu loyera yakwera kasanu. Mlendo si wopusa, amafunsa dalaivala, ndipo mawa gulu lonse lidutsa osacheuka. Anyamata ena a zosemasema amamuzinga munthu asanatsike n'komwe panjinga, wina wagwira handulo, wina chishalo. Koma chochititsa manyazi kuposa zonse ndi cha ana. Gulu likangotulukira, ana amathamangira mumsewu akukuwa kuti "Azungu! Givimi mane!" Ena amathawa m'kalasi. Ena amathamanga m'mbali mwa njinga pamtsetse, pamene woyendetsa sangaime msanga, minibasi ikubwera kutsogolo. Atonga ndi anthu odziwika ndi ukhondo ndi kudzilemekeza, anthu amene agogo awo ankabwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare atavala suti, anthu a malipenga ovala zoyera mbee. Zoti mdzukulu wawo Chingerezi chake choyamba chikhale chopemphera ndalama, sizikutikomera.

Khalidweli ana sanabadwe nalo. Analiphunzitsidwa ndi alendo omwewo, amene amaponya maswiti ndi zolembera kuchokera panjinga ngati akudyetsa nkhuku. Mtima ndi wabwino, sitikukana. Zotsatira zake ndi zimenezo. Kampani iliyonse iziuza anthu ake asananyamuke kuti za kwa ana n'zoletsedwa. Amene ali ndi mphatso akapereke kwa mphunzitsi wamkulu kapena ku komiti ya sukulu, poyera, zilembedwe. Ndipo kamera isamaloze mwana wa munthu, kapena mayi amene akusamba kunyanja, popanda kupempha. Kwawo sangayerekeze kuchita zimenezo pa geti ya sukulu, apolisi angawagwire.

Za msewu tinena mwachidule poti aliyense akuudziwa. M5 ndi wopapatiza, m'malo ambiri phula linadyeka m'mbali mpaka latsala ngati lamba, ndipo mumadutsa zimalole za shuga wa ku Dwangwa, mathanki a mafuta ndi maminibasi othamangira makasitomala. Madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 anadula msewuwu cha ku Dwangwa, anthu n'kusowa podutsa. Msewu wa makilomita pafupifupi 47 wochoka ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay unamangidwanso ndi ndalama za African Development Bank ndipo unatakasuka, kusonyeza kuti n'zotheka. Ife tikupempha a Roads Authority kuti paliponse pamene M5 akukonzedwa, asiye mpata wa phula m'mbali zonse ziwiri woyendamo njinga ndi anthu apansi. Alendo a panjinga ali ndi galimoto yowatchinga kumbuyo, ali ndi zipewa, ali ndi inshuwalansi. Wa kabaza alibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo ndi iye amene amakankhidwira m'ngalande tsiku ndi tsiku. Mpatawo ndi wake poyamba. Zimangomvetsa chisoni kuti m'dziko muno pempho limamveka msanga ukalikulunga m'dzina la alendo.

Palinso nkhani ya mapiri enieniwo. Amene akugulitsa maulendowa akugulitsa mitengo, mitsinje ndi mthunzi. Nkhalango ya Chikangawa tonse tinaiona momwe inathera, moto chaka ndi chaka, macheka usana ndi usiku, mpaka malo ambiri kutsala zitsa. Miombo ya m'matsitso otsikira kunyanja ikupita m'matumba a makala. Palibe munthu adzalipire madola ake kuti adzapalase pakati pa zitsa dzuwa likumuwotcha pamutu. Kugwira wa makala n'kumulanda njinga kwayesedwa zaka zambiri, mitengo ikuthabe, chifukwa mawa lake ana ake afuna kudya. Koma taonani: munthu amene amadziwa kanjira kalikonse kochoka ku Viphya kutsikira ku Luweya, amene amadziwa powolokera mtsinje ndi pamene pali kasupe, ndi wa makala yemweyo. Miyendo yake ndi yoti wothamanga wa ku Ulaya angachite nayo nsanje. Mumulipire kuti alambule njira, atsogolere gulu, asamale malo omanga matenti, ndipo mtengo uli chiimire uyamba kumupatsa ndalama. Sitikunena kuti makala atha ndi njinga za alendo, magulu ake ndi ochepa. Tikunena za midzi ingapo imene ili m'njira imeneyo. Bungwe la Ripple Africa, limene lili pa Mwaya, lakhala likugwira ntchito yobzala mitengo ndi kufalitsa mbaula za Changu Changu Moto m'dera lomweli, choncho anthu oyambira nawo alipo kale.

Nanga ayambe ndani? Ife tikuti khonsolo ya Nkhata Bay. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo mphamvuyo sinaperekedwe kuti izingogwira ntchito pa ziphaso za msika. Koma tichenjezeretu, chifukwa timadziwana. Tikati khonsolo ichitepo kanthu sitikunena chingwe pamsewu ndi munthu wa lisiti. Sitikunena kuti mfumu iliyonse iziimitsa gulu n'kumafuna ya phazi. Tsiku limene zimenezo zidzayambe, makampani adzangokhotera ku M1 pa Mzuzu, n'kukagona ku Kasungu, ife n'kutsala ndi chingwe chathu. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chofunika ndi kukhala pansi. Khonsolo iitane eni malo ogona a m'mbali mwa nyanja, poti iwo ndi amene amadziwa kuti gulu liti likubwera liti, iitane mafumu, magulu a amayi, a kabaza ndi oimira makampani a m'dziko muno amene amayendetsa maulendowa m'malo mwa anzawo akunja. Agwirizane malo atatu kapena anayi oimapo pakati pa Tukombo ndi pa mphambano ya Nkhata Bay, aliwonse okhala ndi mthunzi, madzi abwino, chimbudzi chooneka ndi maso, ndi mitengo ya zinthu yolembedwa pa bolodi kuti pasakhale kukangana. Agwirizane za wotsogolera wa m'dera. Eni malo ogona nawonso apindulapo, chifukwa gulu limene lapeza chochita pa Bandawe, limene lamva kuti madzulo kuli malipenga kapena chilimika, ligona masiku awiri m'malo mwa limodzi. Ovinawo alipidwe monga gulu, mtengo wogwirizana kale, osati kuponyeredwa makobidi m'fumbi.

Makampani akunja sadzakana zimenezi ngati zakonzedwa bwino. M'mabuku awo otsatsa malonda amalemba okha kuti ulendo wawo umapindulira anthu a m'midzi, ndipo makasitomala awo masiku ano amafunsa. Tiwagwire pa mawu awo omwewo. Boma nalo lakhala likuimba nyimbo yoti zokopa alendo ndi umodzi mwa mizati ya chuma, ndipo zinalembedwa m'masomphenya a Malawi 2063. Nduna zikamanena zimenezi maso amakhala pa mahotela akuluakulu ndi mabwalo a ndege. Mayi wa nthochi wa pa Kande sadzaitanidwa ku msonkhano wa ku BICC, koma khansala wake ali pompo, ndipo amapempha voti yake.

Chimodzi chimene a khonsolo ayenera kudziwa ndi kalendala. Makampaniwa amasindikiza ndondomeko ya maulendo awo chaka chisanafike, malo ogona ndi oimapo atasankhidwa kale, mtengo utaikidwa kale. Gulu likafika pa Chintheche mu Julayi, palibe chimene wotsogolera angasinthe, ngakhale mfumu itamuitana. Ngati tikufuna kuti ulendo wa chaka chamawa ukhale ndi nkhomaliro ya kondowole pa Kande ndi ola limodzi pa Bandawe, makalata oitanira msonkhanowo achoke pa boma mvula isanayambe.